Kujambula khoma m'njira ya Mayi Esther Mahlangu

Munthu akaona khoma lojambulidwa ndi Mayi Esther Mahlangu amayamba wafunsa za rula. Mizere ndi yowongoka, ngodya zakumana pamene ziyenera kukumana, ndipo zimene zili kumanja zabwerezedwa kumanzere ndendende. Koma rula sagwira, ndipo sayamba ajambula papepala. Amamanga nthenga za nkhuku pamodzi, kuviika mu penti, n'kukoka mzere ndi dzanja basi. Dzanja lotere silibwera ndi sabata imodzi, koma ndondomeko yake aliyense akhoza kuitsata: khoma liyere kaye, kenako mizere yakuda, mitundu pomaliza. Ndipo ambiri amene chithunzi chimawafera m'chaka choyamba sikuti dzanja lawo ndi loipa. Amagwa ndi khoma lonyowa, penti wothira madzi ambiri, ndi changu.

Kumene njirayi inachokera

Mayi Mahlangu anabadwa pa 11 Novembala 1935 pafamu ina pafupi ndi Middelburg, m'chigawo chimene lero ndi Mpumalanga ku South Africa. Ndi Mndebele wa kumeneko, osati wa ku Bulawayo. Pakati pa a Ndzundza, limodzi mwa magulu a Andebele a kumeneko, kujambula nyumba ndi ntchito ya amayi, ndipo mtsikana amaphunzira kwa mayi ake ndi agogo ake kuti akadzakhala pabanja adzathe kukongoletsa pakhomo pake. Anthu amenewa anagonjetsedwa ndi Mabunu mu 1883, nalandidwa malo, n'kumwazikana m'mafamu ngati antchito. M'zaka zotsatira khoma lojambula linakhala chizindikiro choti pakhomo pano pali Mndebele. Poyamba mitundu inali ya dothi, ndowe ndi njereza. Penti wowala wa m'sitolo anayamba kufala cha m'ma 1940.

Mayi Mahlangu anayamba ali ndi zaka 10. Mizere yawo yoyamba inkakhota, ndipo akuluakulu anawauza kuti aziphunzirira kuseri kwa nyumba. Kumaso anawalola dzanja litawongoka. Kuyambira 1980 mpaka 1991 anagwira ntchito ku Botshabelo, malo osungirako chikhalidwe pafupi ndi Middelburg. Mu 1989 anapita ku Paris kukajambula nyumba yofanana ndi yawo pachionetsero cha Magiciens de la Terre, ndipo mu 1991 anakhala mayi woyamba, komanso munthu woyamba wa mu Africa, kujambula galimoto m'gulu la magalimoto aluso a BMW. Inali BMW 525i. Asanaikhudze anayamba ayesa pa chitseko cha galimoto ina kuti amve mmene penti amayendera pachitsulo. Boma la South Africa linawapatsa ulemu wa Order of Ikhamanga mu 2006, ndipo University of Johannesburg inawapatsa digiri yaulemu mu 2018.

Pa mbiri yonseyi wophunzira atolepo zinthu ziwiri: kuseri kwa nyumba ndi chitseko chija. Musaphunzirire pakhoma limene anthu adzaliona, ndipo musapake penti pamalo amene simunayesepo.

Khoma lenilenilo

Apa m'pamene pali theka la ntchito, ngakhale palibe amene adzakuyamikireni.

Pulasitala watsopano adikire masiku 28 asanalandire penti. Simenti asanakhwime amakhala ndi madzi ndi mchere wambiri mkati. Mukamutsekera ndi penti, mcherewo umatuluka ngati ufa woyera n'kukankha penti kuchokera pansi. Mwini nyumba akamakukakamizani kuti sitolo itsegulidwe Loweruka, muuzeni zimenezi pamaso, chifukwa khoma likadzayamba kusenda dzina loipa lidzakhala lanu, osati lake.

Kuti mudziwe ngati khoma lili ndi chinyontho, dulani pulasitiki wa masentimita 50 mbali zonse, mummatire pakhoma ndi tepi mbali zinayi osasiya mpata, mumusiye maola 24. Mukapeza thukuta kunsi kwa pulasitiki, kapena malowo ada kuposa pozungulira, khoma ndi lonyowa. Yesani malo awiri, m'munsi pafupi ndi nthaka ndi m'mwamba pansi pa denga. Chinyontho cha m'munsi chimakwera kuchokera m'maziko, makamaka pa nyumba ndi mipanda yomangidwa opanda pulasitiki wotchinga madzi. Cha m'mwamba nthawi zambiri ndi malata odontha kapena mpanda wopanda chipewa pamutu. Mpanda wa njerwa umene pamwamba pake ndi poyasama umamwa mvula kuchokera kumutu, ndipo chithunzi chilichonse cha pamenepo chidzatupa matuza. Konzani gwero la madzi kaye. Ngati silikonzeka, sankhani khoma lina, kapena jambulani pamatabwa okhomera pakhoma mosiya mpata wa mpweya kumbuyo.

Khoma lakale lili ndi mayeso ake. Pukutani ndi chikhatho: chikatuwa, penti wakale wasanduka ufa ndipo watsopano sagwira. Lembani mtanda ndi mpeni, matanipo tepi, kokani mwamphamvu: penti akatsatira tepiyo, ayenera kupalidwa. Laimu ndiye mdani wamkulu. Makoma ambiri a sukulu ndi a m'misika anapakidwapo laimu kangapo, ndipo penti wa madzi akapita pamwamba pa laimu amagwira ufa, osati khoma. Palani ndi burashi ya waya mpaka pulasitala aoneke. Penti wakale wa mafuta, wonyezimira uja, musamukhule wouma ndi sandipepa, chifukwa wina amakhala ndi mtovu ndipo fumbi lake ndi poizoni, makamaka kwa ana. Nyowetsani pokhula, valani chotchinga kukamwa ndi mphuno, ndipo sesani zonse.

Ndere ndi nkhungu zimafa ndi Jik: muyezo umodzi m'miyezo 4 ya madzi, pakani, dikirani mphindi 30, tsukani ndi madzi oyera, khoma liume masiku awiri. Kungopala osapha, zimamera pansi pa penti. Mng'alu musaupake pamwamba. Ukuzeni pang'ono ndi chitsulo kuti mankhwala otsekera alowe, chotsani fumbi, nyowetsani, tsekani. Ngati mwatseka ndi simenti ndi mchenga, muyezo umodzi wa simenti m'miyezo 4 ya mchenga wosefa, chigambacho nachonso ndi pulasitala watsopano ndipo chifuna nthawi yake. Mng'alu umene ukulowa chala, kapena umene ukutsata mizere ya njerwa ngati masitepe, ndi nkhani ya maziko. Itanani womanga.

Onaninso kumene khoma lapenya. Kuno kumwera kwa Africa khoma lopenya kumpoto limalandira dzuwa miyezi yambiri pachaka, ndipo lopenya kumadzulo limapsa masana onse. Pamakoma awiriwa mitundu imasuluka msanga, choncho kusankha penti kumafunika mutu.

Zogula ndi kuchuluka kwake

Titenge khoma la mamita 6 m'litali ndi mamita 2.5 kutalika. Ndi masikweya mita 15.

Penti woyamba, amene kuhadiweya amati plaster primer, amamwa kwambiri: lita imodzi imakwana masikweya mita 6 mpaka 8, ndiye mufunika malita 2 ndi theka. Funsani wolimbana ndi mchere wa simenti. Ambiri amadumpha sitepe imeneyi n'kupaka PVA, penti wamba wa madzi, wosungunula m'malo mwake. Zimaoneka bwino miyezi itatu.

Woyera akhale wa akiriliki wa panja, osati PVA wotsika mtengo wa m'nyumba. Lita imodzi imapaka masikweya mita 8 pakhoma losalala, ndipo mudzapaka kawiri, ndiye malita 4. Gulani chitini cha malita 5, wotsalayo adzagwira ntchito yosakaniza ndi yokonza zolakwika. Khoma likakhala lokhakhala, la pulasitala wowaza uja, onjezani theka la muyezo wonse, komanso dziwani kuti mzere wowongoka pamenepo ndi wovuta kwambiri.

Wakuda lita imodzi imakwanira mizere. Mzere wa masentimita 2.5 m'lifupi, ngakhale mutakoka mamita 100, ndi masikweya mita 2.5 okha. Ngati mudzapakanso lamba wakuda m'munsi, gulani malita awiri. Mitundu ina theka la lita uliwonse, kupatula wachikasu ndi wofiira amene amaonekera pansi ndipo amafuna kupaka katatu. Amenewo tengani lita.

Penti wa mafuta musamuike pa simenti panja. Amatseka khoma kuti lisapume, ndipo mchere wa simenti umamudya kunsi mpaka amafewa n'kusenda zikuluzikulu. Ndi wa zitseko ndi mawindo achitsulo.

Kuwonjezera apo mufunika rola imodzi ndi thireyi yake, burashi ya masentimita 5 yodzazira, maburashi afulati awiri kapena atatu a masentimita 1 mpaka 2.5, choko, chingwe cha omanga, tepi yoyezera, mabotolo a pakamwa papakulu okhala ndi zivundikiro, ndowa ziwiri za madzi, nsanza, ndi makwerero olimba. Makwerero akatalika mamita 4, phazi lake likhale mita imodzi kuchokera kukhoma, ndipo wina azigwira. Yang'anani mawaya a magetsi olowa m'nyumba musanaimike chilichonse chachitsulo.

Nthawi yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, mvula itatha ndipo makoma atauma. Kumapiri a kumwera kwa Malawi chiperoni chikhoza kukuonongerani tsiku, ndiye onani kumwamba musanatsegule chitini. Mu Okutobala khoma limatentha moti penti amauma ali paburashi, amasiya mikwingwirima ndipo sagwira bwino. Ikani chikhatho pakhoma: ngati simungathe kuchisiyapo, si nthawi yopaka. Tsatirani mthunzi, khoma la kumadzulo m'mawa, la kum'mawa masana.

Kuyeretsa ndi kugawa khoma

Pakani primer kamodzi, adikire monga chitini chanenera, kawirikawiri usiku wonse. Kenako woyera kawiri, kusiya maola 4 pakati. Madzi osapitirira gawo limodzi mwa magawo 10, ndipo pa kupaka koyamba kokha. Penti wothira madzi ambiri amakwana khoma lalikulu, inde, koma zomatira zake zimachepa ndipo mvula yoyamba imamusandutsa ufa. Woyera ameneyu si pansi chabe ayi. M'njira ya Mayi Mahlangu woyera amaoneka pakati pa mizere yakuda ndipo ndiye amapatsa mitundu mpata wopumira, choncho akhale wosalala, wopanda mabala. Musiyeni tsiku lathunthu musanalembepo.

Mayi Mahlangu amagawa khoma ndi diso. Wophunzira asachite manyazi kugwiritsa choko ndi chingwe. Yambani ndi mphepete: lamba wozungulira khoma lonse, pamwamba, m'mbali ndi pansi. Kenako pezani pakati pomanga zingwe ziwiri kuchokera ngodya ina kupita ngodya yopingasana nayo. Pamene zadutsana ndiye pakati. Mzere woimirira umapezeka ndi chingwe chomangirira mwala kunsi. Mzere wautali wogona umalembedwa ndi chingwe chopaka choko: awiri akoke mwamphamvu, wachitatu achikweze pakati n'kuchisiya chimenye khoma. Ngodya yowongoka imayesedwa ndi tepi: masentimita 60 mbali ina, 80 mbali inayo, ndipo pakati pa nsonga ziwirizo pakhale 100.

Apa pali msampha. Makoma ambiri si owongoka. Denga limatsika pang'ono mbali imodzi, chitseko chimapendama. Mukatsata levulo yokha, chida cha omanga choyezera ngati chinthu sichinapendame, lamba wanu wa pamwamba adzaoneka wokhota poyerekeza ndi denga, ngakhale ndi denga limene lalakwa. Diso la wodutsa limayerekeza mzere ndi denga, osati ndi levulo. Ndiye lamba wa kunja atsate khoma mmene lilili, za mkati zitsate chingwe, ndipo kusiyanako kubisike mumpata woyera wa pakati pawo.

Sankhani muyezo umodzi, tinene masentimita 10, mudule katoni wa kukula kumeneko, ndipo masitepe onse, mipata yonse ndi makona onse zichokere pa muyezo umenewo kapena kuwirikiza kwake. Chithunzi chimene chimaoneka chosokonekera nthawi zambiri chili ndi miyezo isanu ndi umodzi yosagwirizana. Lembani ndi choko chamtundu wofewa, osati pensulo kapena maka. Pensulo imaonekera pansi pa wachikasu, ndipo inki ya maka imabowola penti ngakhale mutapaka kanayi.

Ngati mwini khoma akufuna kuona chithunzi chisanayambe, jambulani papepala pa muyezo wa sentimita imodzi kuimira masentimita 10. Khoma lathu lija likhala pepala la masentimita 60 ndi 25.

Mzere wakuda

Chithunzi chonse chimaima kapena kugwa pano, ndipo ndi pano pamene muyenera kuthera masiku ambiri kuseri kwa nyumba.

Burashi ya nthenga ndi yosavuta kupanga. Tengani nthenga 5 mpaka 8 zofewa, zofanana kutalika, muzichape ndi sopo kuti mafuta achoke, ziume. Linganizani nsonga, mangani zolimba ndi ulusi kumatsinde, ndipo ngati mukufuna chogwirira mangirirani kukamtengo. Ubwino wa nthenga ndi woti imanyamula penti wambiri ndipo imapinda kutsata mabampu a khoma, pamene burashi yolimba imadumpha. Kuipa kwake ndi koti imatha msanga ndipo siikhululukira dzanja lonjenjemera. Pangani zingapo, yakuda ikhale yakuda yokha. Amene nthenga yamukanika agwiritse burashi yafulati ya ubweya wofewa; palibe tchimo.

Penti wa mzere asakhale wolimba ngati wa m'chitini, asakhalenso woyenderera. Thirani madzi pang'onopang'ono m'botolo, osati m'chitini chonse. Viikani burashi n'kuikweza: penti atsike ngati ulusi kamphindi, kenako adonthe. Akamangodontha kuyambira pachiyambi, mwathira madzi ambiri ndipo adzatsetsereka pakhoma. Akakana kutsika, mzere udzaduka-duka. Viikani gawo limodzi mwa magawo atatu a nsonga, pukutani mbali imodzi pamlomo wa botolo.

Mzere wautali suchokera m'zala. Dzanja pamfundo likhale chilili, kuyenda kuchokere paphewa ndi m'thupi lonse. Pa mzere woimirira yambani pamwamba, mutsike popinda mawondo. Pa wogona imani mapazi motalikirana, musamutse thupi kuchokera mwendo wina kupita unzake, ndipo mukafika pamene dzanja latha imani, sunthani mapazi, muyambirenso. Diso lisayang'ane nsonga ya burashi, liyang'ane masentimita 10 kutsogolo kumene mukupita. Woyang'ana nsonga amakonza kulakwa kulikonse kakang'ono ndipo mzere umatuluka ngati njoka. Liwiro likhale limodzi. Kuchedwa kwambiri ndiko kumabweretsa kunjenjemera.

Penti akatha paburashi musayambire pamene mwalekezera. Bwererani masentimita 3 m'mbuyo, mutere pamzere wonyowawo burashi ikuyenda kale, kuti mfundo isaoneke. Mzere wonenepa, wa masentimita 2 kapena 3, umakokedwa katatu: mphepete ina, mphepete inayo, kenako kudzaza pakati. Pangodya musakhote ndi burashi. Mzere wina ufike n'kuima, winawo uyambe pawokha, ngodya ikhale yakuthwa.

Dzanja likamavuta, chitani zimene olemba zikwangwani amachita: ndodo yowongoka ya mita imodzi, kunsonga kwake mwakulunga nsanza. Nsonga yansanza itsamire pakhoma pouma, dzanja lamanzere ligwire mbali inayo, ndipo dzanja lojambula litsamire pandodopo.

Chizindikiro cha makoma amenewa ndi mizere iwiri yakuda yoyenda limodzi ndi mpata woyera pakati. Mpata umenewo ukhale wofanana paliponse, chifukwa diso limaona kusiyana kwa mpata msanga kuposa kukhota kwa mzere. Kokani mzere kumanja, nthawi yomweyo kokani mnzake kumanzere, osati kumaliza mbali yonse imodzi kaye. Dzanja la m'mawa ndi la madzulo si limodzi, ndipo mukagawa ntchito motero mbali ziwirizo zidzasiyana. Pakatha mphindi 20 zilizonse tsikani, muyende mamita 10, muone khoma lonse.

Za tepi yomata: imapereka mzere wakuthwa koma wouma, wopanda moyo, ndipo papulasitala penti amalowa kunsi kwake n'kusiya mano. Ngati mwaigwiritsabe ntchito, yambani mwapaka woyera m'mphepete mwa tepi kuti atseke mipata, aume, kenako wakuda, ndipo muichotse penti asanaumitse. Tepi yosiyidwa padzuwa tsiku lonse imasiya guluu kapena kuzula woyera.

Mzere ukalakwika, nsanza yonyowa imachotsa msanga ngati simunachedwe, koma imasiya kutuwa. Nthawi zambiri ndi bwino kuusiya uume, kupaka woyera kawiri, n'kukokanso.

Mitundu

Mizere iume usiku wonse. Pukutani choko chonse ndi nsanza yonyowa pang'ono, chifukwa penti sagwira pa choko.

Mitundu ya m'njira imeneyi ndi yafulati, yopanda mithunzi kapena kusakanikirana. Isanu ndi yokwana. Ikapitirira isanu ndi umodzi khoma limayamba phokoso. Musanapake, ikani kadontho ka mtundu m'chipinda chilichonse cha chithunzi, mubwerere m'mbuyo, muone ngati kumanja ndi kumanzere zikuyankhana. Kulakwitsa kadontho n'kotsika mtengo.

Sakanizani mtundu wokwanira khoma lonse kamodzi, muusunge m'botolo lotseka, ndipo lembani pachivundikiro miyezo imene mwathira. Mtundu wosakaniza kachiwiri sufanana ndi woyamba. Akiriliki amada pang'ono akauma, ndiye yesani pakatoni, mudikire theka la ola musanaweruze. Wofiira weniweni kapena buluu wakuya sangatuluke pothira timabotolo ta mtundu mu penti woyera. Mudzapeza pinki, ndipo mukapitiriza kuthira penti amafooka n'kumamata osauma bwino. Mitundu yakuya igulidwe yosakaniza kale.

Pakhoma lopenya kumpoto kapena kumadzulo tsamirani pa mitundu ya okusaidi: wofiira wa njerwa, wachikasu wa dothi, wakuda, wabulauni. Imeneyi dzuwa siliitha. Pinki wowala, wofiira wa magazi ndi pepo zimasuluka msanga, ndipo malo ake ndi pansi pa khonde kapena khoma lopenya kumwera.

Yambani ndi mitundu yowala, mutsirize ndi yakuda, kuchokera pamwamba kutsika. Dulani mphepete ndi burashi yaing'ono molowa pang'ono pamzere wakuda, kenako dzazani pakati mphepete zisanaume, apo ayi padzaoneka chizindikiro chozungulira. Kupaka kopyapyala kawiri kumaposa kochindikala kamodzi, kumene kumachita makwinya ndi misozi. Pomaliza bwererani ndi wakuda kuwongola pamene mitundu yadya mzere, kenako woyera. Anthu ambiri amatopa apa n'kusiya, koma tsiku limeneli ndi limene limasiyanitsa ntchito ya mmisiri ndi ya wongoyesa.

M'munsi mwa khoma, masentimita 40 kuchokera pansi, musaikemo chilichonse chimene mumachikonda. Madzi a padenga amamenya nthaka n'kuwaza matope pamenepo, ana amapondapo, nkhuku zimakanda. Pakani lamba wakuda kapena wabulauni amene angabwerezedwe chaka chilichonse, ndipo ngati n'kotheka thirani miyala ing'onoing'ono m'mphepete mwa khoma kuti madzi asawaze.

Vanishi si wokakamiza. Ngati mukumufuna, akhale wa madzi, wa akiriliki, wosanyezimira, wolembedwa kuti ndi wa panja, ndipo dikirani sabata imodzi penti akhwime. Vanishi wa matabwa amasanduka wachikasu n'kung'aluka. Pakhoma limene mukulikayikira chinyontho musaike vanishi aliyense.

Khoma likakhala la dothi

Pamenepa iwalani akiriliki. Amapanga khungu pamwamba pa dothi, chinyontho chimasonkhana kunsi, ndipo khungulo limagwa pamodzi ndi dothi lake. Khoma la dothi limafuna mitundu yopuma, ndipo amayi a m'midzi ya ku Malawi ndi kum'mawa kwa Zambia amene amazira nyumba ndi mtsiro wakuda, wofiira ndi woyera akudziwa kale zambiri za ntchitoyi.

Sefani dothi kuchotsa miyala ndi mizu, linyike usiku wonse, musakanize ndi ndowe zaziwisi za ng'ombe, muyezo umodzi wa ndowe m'miyezo 2 kapena 3 ya dothi, mpaka zikhale ngati phala la mwana. Dothi limasiyana dambo ndi dambo, ndiye yesani kachigamba kaye. Kakang'aluka pouma, dongo lachuluka, onjezani mchenga wosalala. Kakamayoyoka mukakhudza, onjezani ndowe. Wazani madzi pakhoma musanapake kuti lisamwe msanga. Njira yakale kwambiri ya Andebele inali kukoka mizere ndi zala pa ndowe zisanaume, ndipo mpaka pano ndi njira yabwino yophunzitsira mwana kuyendetsa dzanja.

Woyera ndi laimu wonyika, wosungunula kwambiri moti popaka aoneke ngati sakuphimba, amayera akauma. Pakani mopyapyala katatu, tsiku limodzi pakati. Wochindikala amang'aluka n'kugwa. Ufa wa okusaidi umalowa bwino mu laimu koma usapitirire gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwa laimuyo, ndipo kumbukirani kuti pano zinthu n'zosemphana ndi akiriliki: mtundu umawala kwambiri ukauma. Laimu amawotcha maso ndi khungu, valani magalasi ndi magolovesi. Wakuda achokere ku makala osinja bwino kapena mwaye. Ufa wa m'mabatire akale umene ena amagwiritsa ntchito uli ndi mankhwala owononga khungu, ndipo ana amatsamira makoma amenewa.

Khoma lotere limabwerezedwa chaka ndi chaka mvula ikatha. Si kulephera kwa mmisiri, ndi mmene dothi lilili.

Zojambula za ndani

Tengani njira, musatenge chithunzi. Kukopera khoma la Mayi Mahlangu mzere ndi mzere n'kulembapo dzina lanu ndi kuba, ndipo kuligulitsa ngati la Chindebele pamene simuli Mndebele ndi kunamiza wogula. Amayi a Chindebele ankaika pakhoma zimene ankaona: lezala, masitepe, mageti, nyale za magetsi, ndege, zonse zitasandutsidwa makona ndi mizere, ndipo zambiri zinkafanana ndi mikanda imene ankaluka. Chitani chimodzimodzi ndi za kwanu. Kalukidwe ka lichero ndi ka dengu kali ndi masitepe ndi madayamondi okwanira makoma khumi. Pali mizere ya pakhosi pa mbiya, pali nkhokwe, pali mano a khasu la pulawo, pali ukonde wa asodzi. Zojambula za pamiyala ku Chongoni, ku Dedza, zimene UNESCO inaziika m'kaundula wake mu 2006, nazonso zimakopa ojambula, koma zina mwa izo ndi za chinamwali ndi za Nyau; funsani eni mwambo musanaziike pakhoma la golosale.

Khoma la munthu wina likufuna chilolezo cha mwini wake, ndipo la pamsewu mumzinda likufunanso kufunsa kukhonsolo. Gwirizanani polemba: kukula kwa khoma, ndani akugula penti, ndani akukonza ming'alu, ndalama zoyambira, ndi zimene zidzachitike mwini akadzafuna kufufuta. Lembaninso zimene munapeza pamayeso a pulasitiki uja, kuti chinyontho chikadzabwera pasadzakhale kulozana zala.

Mukamaliza jambulani khomalo ndi foni kuchokera kutsogolo ndendende, ndipo musiyire mwini wake mabotolo a mitundu yotsala, otseka bwino, osungidwa pamthunzi. Mvula ikatha chaka chilichonse atsuke khoma ndi nsanza yofewa ndi madzi a sopo pang'ono, osati burashi ya waya, aone ngati denga layamba kudonthera pachithunzi, ndipo pamene penti watupa apale mpaka polimba, apake primer, woyera, kenako mtundu wake.